Lowani, koma muyambe mwaona zolembedwa

Achimwene, lowani m'kopaletivi ya akalipentala anzanuwo, koma musaikemo ndalama musanaone malamulo ake olembedwa. Fanizo lanu loti kulowa m'kopaletivi kuli ngati mayiko ang'onoang'ono amene amatetezeka pogwirizana ndi anzawo ndalimva. Iceland ilibe gulu la asilikali, koma yakhala mu NATO, mgwirizano wa mayiko wotetezana pa nkhondo, kuyambira 1949, ndipo imagona tulo chifukwa Gawo 5 la mgwirizanowo limati woukira mmodzi waukira onse. Lonjezo limenelo linalembedwa, komanso anzake olonjezawo zida ali nazodi. Kodi anzanuwo ali ndi chiyani choika?

Ife ku Glen View, mumzinda wa Harare, tinkagula matabwa pamodzi, mtengo unatsika, ndipo moto utapsereza shedi ya mnzathu tinamuimikanso patangopita milungu yochepa. Payekha akanagwa. Chinatipweteka n'chakuti wina atafuna kubwerera kwawo ku Dedza, panalibe pepala lonena za gawo lake pa makina athu. Tinakangana mpaka kumangodutsana osapatsana moni kutchalitchi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Choncho gwirizanani za wotuluka, womwalira ndi wosunga ndalama. Musanasaine, onanani ndi loya kapena mkulu wa boma woona za makopaletivi, kuti mulembetse motsatira Co-operative Societies Act ya kuno ku Zimbabwe.