Kodi ndalama zofufuzira zakuthambo n'zongotaya?

Achimwene ena okhala ku Diepsloot mumzinda uno wa Johannesburg, amene amaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto cha ku Fourways, atilembera imelo. Akuti: "Msonkho tikudula tonse, ngakhale ife obwera. Madzi amatha masiku osatuluka pampopi, misewu ndi maenje okhaokha, kwathu ku Phalombe anthu akugona ndi njala. Ndiye boma lizimwaza mabiliyoni kumanga madishi omvetsera nyenyezi ku Karoo? Aku America nawonso akuti akubwerera kumwezi. Phindu lake n'chiyani?"

Achimwene, mwamanga mtolo umodzi zinthu zosiyana. Kafukufuku wongofuna kudziwa ndi masetilaiti a ntchito za tsiku ndi tsiku, ife tikuti ndalama zake sizipita pachabe. Zotumiza anthu kumwezi tili nazo mawu.

Madishi mukunenawo ndi MeerKAT. Alipo 64, lililonse mamita 13.5 mulifupi, ali kufupi ndi Carnarvon ku Northern Cape, ndipo anatsegulidwa mu July 2018. Kumanga kwake kunadya ndalama zopitirira R3 biliyoni, zotuluka pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Dziko lino la South Africa lili ndi anthu oposa 60 miliyoni. Mutagawa ndalamazo, aliyense sangafikitse R100, kamodzi kokha basi. Pomwe ndalama zothandizira okalamba, ana ndi olumala zimapitirira R200 biliyoni chaka chilichonse, ndipo mu 2023 boma linalonjeza kusenza R254 biliyoni ya ngongole za Eskom, kampani ya boma ya magetsi. Atagumula MeerKAT mawa, mpopi wanu sungatulutse ngakhale dontho. Komabe pali amene analipira mtengo wina. Lamulo la 2007 loteteza dera la madishiwo limachepetsa mafunde a wailesi ndi a foni kumeneko, chifukwa foni imodzi yoyaka pafupi imaphimba kanong'onong'o kochokera ku nyenyezi, ndipo mafamu ena a nkhosa anagulidwa kuti pakhale bata. Alimi amene anadandaula sanali amisala.

Tsopano yang'anani foni imene mumaika pamahandulo a njinga. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli kamachokera ku masetilaiti a GPS, oyenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Setilaiti iliyonse imaulutsa nthawi ya wotchi yake ndi malo amene ili. Foni imamva anayi kapena kuposerapo, imawerengera nthawi imene uthenga uliwonse watenga panjira, n'kupeza malo anu. Uthengawo umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho wotchi ikaphonya ndi maikulosekondi imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, kadonthoko kasochera mamita 300. Vuto n'lakuti mawotchi a kumwambako sayenda mofanana ndi a pansi pano. Liwiro la setilaiti limawachedwetsa ndi maikulosekondi 7 patsiku, kuchepa kwa mphamvu yokoka ya dziko kumawafulumizitsa ndi 45. Zotsala ndi 38. Popanda kukonza zimenezi, tsiku limodzi lokha mapu angakuponyeni makilomita oposa 10 kutali ndi geti la kasitomala. Masamu okonzera anachokera kwa Albert Einstein, mu 1905 ndi 1915, kulibe setilaiti ngakhale imodzi. Mukaona kadontho kakudumphadumpha pakati pa nyumba zosanja za ku Sandton, si netiweki ayi: uthenga ukuyamba wagunda khoma usanafike pafoni, ndiye ulendo wake ukuoneka wautali. Kuphulika kwa padzuwa nakonso kumasokoneza GPS, n'chifukwa chake bungwe la SANSA lili ndi malo ku Hermanus olondera dzuwa usana ndi usiku ndi kuchenjeza oyendetsa ndege.

Chitsanzo china n'chobadwira mumzinda uno. Allan Cormack anabadwira ku Johannesburg mu 1924. Mu 1956, akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, anayamba kuganizira mmene munthu angadziwire zamkati mwa thupi poliunika ndi X-ray kuchokera mbali zambiri. Masamu ake anawasindikiza mu 1963 ndi 1964, ndipo pafupifupi palibe anawalabadira. Mu 1979 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Godfrey Hounsfield chifukwa cha makina a CT scan, omwe lero amaunika mutu wa munthu wogwa pa njinga. Kafukufuku wotere amavuta kumuikira kumbuyo pamsonkhano wa bajeti, poti palibe angalozeretu kuti ameneyu ndiye adzabala. Wambiri sabala chogulitsa. Chimene chimabwera mosakayikitsa ndi anthu aluso: mu 2020 boma linapatsa mainjiniya a bungwe la SARAO, omwe anamanga MeerKAT, ntchito yoyang'anira kupangidwa kwa makina 20,000 othandiza odwala Covid-19 kupuma.

Za kwanu ku Phalombe ndiye pamene pagona nkhani. Namondwe wa Freddy sanabwere mobisala. Masetilaiti a zanyengo, okhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndi kujambula mphindi zingapo zilizonse, anamutsatira kuyambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, kuwoloka nyanja yonse ya Indian, kugunda Madagascar, kugunda Mozambique kawiri. Pofika pakati pa March, napolo atatsika ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chenjezo linalipo. Koma chenjezo lakuti "thawirani kumtunda" limuthandiza chiyani munthu amene nyumba yake ili kale m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo chomupha chikuchokera kumtunda komweko? Ku India namondwe wa 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000 m'chigawo cha Odisha. Mu 2013 namondwe Phailin atalunjika dera lomwelo, anasamutsiratu anthu pafupifupi 1 miliyoni ndipo omwalira sanafike 100. Zithunzi zakumwamba zinathandiza, inde, koma pansi panali nyumba zolimba zothawirako, magalimoto, ndi anthu ophunzitsidwa kugogoda khomo ndi khomo.

Chilala cha 2015/16 chinaonetsa mbali ina ya vuto lomweli. Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union lomwe ofesi yake ili konkuno ku Johannesburg, pamtengo wa madola pafupifupi 5 miliyoni. Inshuwalansiyi situmiza munthu kumunda. Kompyuta imatenga mvula yoyezedwa ndi setilaiti, n'kuiyerekeza ndi madzi amene mbewu imafuna kuyambira kumera mpaka kukhwima. Poyamba inati okhudzidwa ndi ochepa kwambiri moti palibe cholipira, pamene anthu 6.5 miliyoni ankafunika chakudya. Cholakwika chinali chakuti m'kompyutamo munalowetsedwa chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140, pomwe alimi ambiri anadzala chocha msanga, cha masiku pafupifupi 90. Ng'amba inachipeza chikuchita ngaiyaye, nthawi imene chimanga sichipirira ludzu, koma kompyuta inkawerengera mvula yobwera mochedwa ngati yopulumutsa mbewu. Atakonza, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zinatuluka mu January 2017, njala itavuta kale. Setilaiti inachita mbali yake. Chinasowa ndi munthu wofunsa mlangizi kuti kumunda kuli mbewu yanji.

Ndiponso setilaiti siiona mvula yeniyeniyo. Njira yofala kuno ku Africa imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, n'kuganiza kuti mtambo wautali ndi wozizira kwambiri ndiwo ukugwetsa mvula. Pa mvula ya mabingu zimayenda bwino. Chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje chimachokera m'mitambo yotsika, yosazizira kwenikweni, ndiye kawirikawiri chimaphonyedwa. Mankhwala ake ndi choyezera mvula cha pansi, choimikidwa poyera, kutali ndi mtengo kapena denga mtunda wosachepera kawiri kutalika kwake, chowerengedwa m'mawa uliwonse nthawi yofanana, manambala n'kutumizidwa tsiku lomwelo.

Za kumwezi tisatayepo nthawi. Bajeti ya NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, ndi madola pafupifupi 25 biliyoni pachaka, osafika theka la 1 peresenti ya ndalama za boma la America, ndipo si msonkho wanu. Koma wofufuza za chuma wa NASA yemweyo ananena mu 2022 kuti ulendo umodzi wa roketi ya pulogalamu ya Artemis yopita kumwezi udzadya madola 4.1 biliyoni, ndalama zomangira MeerKAT oposa khumi. Maloboti amabweretsa sayansi yochuluka pa mtengo wotsika. Kutumiza munthu n'kofuna kutchuka ndi kupikisana ndi China. Pamenepo tili mbali yanu.

Dziko ngati Malawi lisathamangire kugula setilaiti yakeyake. South Africa inaponya SumbandilaSat mu 2009, ndipo pofika 2011 mphamvu zochokera kudzuwa zinali zitaiwononga. Zithunzi za masetilaiti a Landsat n'zaulere kuyambira 2008. Za Sentinel-2 nazonso n'zaulere, zimaona mpaka kachigawo ka mamita 10, ndipo zimabwereza malo amodzi masiku asanu aliwonse. M'dzinja mitambo imaziphimba, ndiye pojambula madzi osefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa pamafunika Sentinel-1, ya radar, yomwe imaona kupyola mitambo ngakhale usiku. Zofunika kulipira ndi malipiro a anyamata ndi atsikana otuluka ku mayunivesite a MUST ndi LUANAR odziwa kuwerenga zithunzizi, makompyuta amphamvu, intaneti yosadukaduka, ndi mafuta a njinga yamoto yopita kumunda kukatsimikiza ngati chobiriwira pachithunzicho chili chimanga kapena udzu.