Omo ndi Jik zisayandikire ndege: yankho kwa mnzathu wotsuka Cessna

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba ntchito pa esiteti inayake. Kwa zaka zitatu ankatsuka magalimoto m'tauni, ndiye abwana atsopano atamva zimenezi anamupatsanso ntchito yosamalira kandege kawo, Cessna 182 ya anthu anayi, kamene kamagona mu shedi pafupi ndi bwalo ladothi. Amuuza kuti alembe zofunika kugula. Funso lake ndi ili: "M'sitolo ya pa esiteti muli kale Omo, Sunlight wa mbale, Jik, Handy Andy ndi mankhwala opopera mawindo. Kodi zimenezi sizokwanira? Kumimba kwa ndegeyi ndi kwakuda bii ndi mafuta, ndipo ndikuganiza zokabwereka makina opopera madzi mwamphamvu kumene ndinkagwira kale."

Achimwene, mwachita bwino kulemba musananyowetse ndegeyo. Safunsa anadya phula. Pa zinthu zisanu mwatchulazo, zinayi zibwerere kukhitchini lero lomwe, ndipo chachisanucho, Sunlight, tikambirana.

Kotsukira magalimoto kuja, mankhwala abwino ndi amene achotsa litsiro msanga, kasitomala alipire azipita. Pa ndege musayambe n'kufunsa kuti mankhwalawa akuyeretsa bwanji. Yambani n'kufunsa kuti akudya chiyani. Thupi la Cessna ndi la aluminiyamu, malo ambiri wosafika ngakhale milimita imodzi kukhuthala kwake, wodulidwa zidutswazidutswa zimene zimasanjikizana m'mphepete n'kumangidwa ndi timisomali totchedwa mariveti. Khungu limenelo si lokongoletsa ayi, limanyamula nawo kulemera kwa ndege ikakhala m'mwamba. Aluminiyamu wakenso ndi wosakaniza ndi mkuwa kuti alimbe, ndipo kusakanizako kumamupangitsa kuti asachedwe kudyeka. N'chifukwa chake opanga amamukuta ndi kagawo kopyapyala kwambiri ka aluminiyamu weniweni, kenako penti pamwamba. Mukakwecha ndi Vim kapena kawaya kotsukira mapoto, mwachotsa chitetezo chimenecho ndi manja anu.

Mukudziwa mmene poto wa aluminiyamu amadera mkati amayi akaphikiramo thelere la soda kapena la chidulo? Kuda kumeneko ndi soda akuluma poto. Omo ndi sopo wina aliyense waufa ali m'banja lomwelo la soda, ndipo mphamvu yake yochotsa thukuta pa kolala ya malaya ikuchokera pamenepo. Poto mumamutsukuluza paliponse n'kumuyanika pa thandala. Ndege simungaitsukuluze paliponse. Madzi a sopo amalowa pamene zidutswa zasanjikizana, amazungulira pansi pa mutu wa riveti, madziwo n'kuuma koma soda n'kutsala. Kukachita mame kapena mvula ikagwa, amadzukanso n'kupitiriza kudya. Inu kunja mukuona ndege yowala. Pakapita chaka kapena ziwiri penti amayamba kutupa timatuza, kapena mumaona timizere tokhotakhota ngati njira za chiswe pansi pa penti. Dzimbiri la aluminiyamu si lofiira ngati la khasu. Ndi loyera, ngati ufa woti mbuu. Mukaona kaufa kotere kuzungulira riveti, musapukute n'kukhala chete, kaonetseni injiniya.

Jik ndiye woipiratu, chifukwa ndi wa klorini, ndipo klorini amaboola aluminiyamu timaenje ting'onoting'ono. Amafooletsanso ulusi wa malamba a pampando, amene ntchito yake imadziwika tsiku limodzi lokha. Mankhwala a asidi otsukira marimu a galimoto nawonso asiyeni komweko: miyendo ya Cessna ndi yachitsulo cholimbitsidwa kwambiri, ndipo asidi amatha kuchisandutsa chophweka kuthyoka popanda chizindikiro chooneka ndi maso.

Tsopano galasi lakutsogolo. Timangoti galasi, koma si galasi. Ndi pulasitiki yotchedwa acrylic, ena amati Plexiglas. Mankhwala ambiri opopera mawindo a m'nyumba amakhala ndi amoniya kapena sipiriti, ndipo Handy Andy, kuwonjezera pa fungo la amoniya lija mumalimva mukatsegula botolo, ali ndi timchenga tokwechera. Pulasitiki imeneyi ikakumana ndi zoterezi siisweka pomwepo. Imachita timing'alu tosaoneka bwino, tambirimbiri, timene mu shedi simungatione. Mudzationa madzulo dzuwa likapendeka. Ndinakwerapo kandege kena kamene windo lake linatsukidwa choncho kwa nthawi yaitali, ndipo titatembenukira kumadzulo kuti titere, windo lonse linangoyera ngati mwathirapo mkaka. Woyendetsa ankachita kusuzumira chammbali kuti aone bwalo. Timing'alu timeneti tikalowa mkati situchokanso, windo lonse limafunika kusintha, ndipo ndalama yake abwana sadzaiwala dzina lanu.

Buku la ndegeyo limanena zimenezi mosabisa. Pemphani abwana akuonetseni buku la woyendetsa limene limakhala m'ndege momwemo, mutsegule chigawo 8, cha kasamalidwe. A Cessna analembamo zinthu zosayenera kukhudza windo: petulo, benzini, sipiriti, acetone, thinala ndi mankhwala otsukira magalasi. Chigawo chimenecho n'chachifupi, mutha kuchiwerenga mukumwa tiyi, ndipo pamene ine ndasiyana ndi bukulo, tsatirani bukulo.

Katsukidwe ka windo kamafuna madzi ambiri kuposa mankhwala. Kumalo afumbi ngati kwanuko, makamaka miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene ndege iliyonse yotera pa bwalo ladothi imadzutsa mtambo, fumbi limene lili pa windo ndi mchenga. Mukapukuta louma ndiye kuti mukukwecha ndi sandipepa. Thirani madzi kaye ayenderere okha. Vulani mphete ndi wotchi, muyendetse chikhatho chanu pang'onopang'ono madzi akutsika, kuti muzimva tizilombo touma n'kutifewetsa ndi chala. Mukatero ndiye mupopere mankhwala opangidwira acrylic, monga Plexus, Prist kapena 210, n'kupukuta ndi kansalu kofewa ka microfibre. Dzanja liziyenda chokwera ndi chotsika, osati mozungulira. Ngakhale mutasamala bwanji timikwingwirima tina tidzakhalapo, koma toongoka sitisokoneza maso ngati tozungulira, timene timagwira dzuwa mbali zonse. Kansalu ka windo kakhale kakekake, m'kajumbo kake. Kakagwa pansi kamodzi, katsitseni udindo kazikapukuta matayala. Nyuzipepala imene tinazolowera kupukutira magalasi a minibasi, apa ayi.

Sunlight wa mbale uja ndinati tikambirana. Alibe ukali wa sopo waufa, ndipo buku limalola sopo wofatsa ndi madzi ambiri. Tsiku limene mulibe china, timadontho pang'ono mu ndowa yodzaza sitingaphe ndege, bola mutsukuluze mokwanira. Koma ine sindingamuike pa mndandanda. Sopo wa mbale anapangidwa kuti achotse mafuta, ndiye amachotsanso polishi amene amateteza penti ku dzuwa, ndipo ambiri mwa sopo otere amathiramo mchere kuti akhale okhathamira. Mchere ndi aluminiyamu sizimwerana madzi, afunseni amene amasunga ndege ku Beira kapena ku Pemba mphepo ya m'nyanja ikuwomba.

Nanga mugule chiyani? Sopo amene pa botolo kapena pa pepala lake palembedwa kuti anayesedwa pa ndege. Musakhulupirire chithunzi cha ndege pa chizindikiro, fufuzani manambala monga Boeing D6-17487, AMS 1526 kapena MIL-PRF-85570. Manambala amenewa akutanthauza kuti sopoyo anamuyesa ngati sadya aluminiyamu pamene zidutswa zasanjikizana, ngati saononga penti ndi acrylic, ngati safooletsa chitsulo. Ena adzakuuzani kuti mungoona pH, nambala yoonetsa ngati sopo ali kumbali ya asidi kapena ya soda, ikakhala pafupi ndi 7 basi zatheka. N'zothandiza koma sizithetsa nkhani, chifukwa sopo wina wa ndege amakhala kumbali ya soda ndithu, kungoti anamuthira zoteteza aluminiyamu. Chenjerani ndi mayina ofanana. Pali Simple Green wamba, wobiriwira uja wa m'nyumba ndi m'galaja, ndipo pali Extreme Simple Green wopangidwira ndege. Woyambayo si wa ndege. Mukatuma munthu ku Johannesburg, mulembereni dzina lonse, apo ayi adzabwera ndi botolo limene waliona koyamba. Palinso Wash Wax All wa kampani ya Aero Cosmetics, wopopera n'kupukuta popanda madzi, amene amathandiza kwambiri kutsogolo kwa mapiko ndege ikangotera. Tizilombo tikadali tofewa timachoka ndi kamphindi, koma tikagona masiku atatu padzuwa timasanduka simenti. Amene amauluka cha ku Likoma nyengo ya tizilombo ta nkhungu amaidziwa bwino ntchito imeneyi. Zitosi za mbalame nazonso musazigoneke, zimatentha penti. Kungoti ndege ikakhala ndi fumbi lochuluka, wopanda madziyu musayambire, tsukuluzani kaye.

Kumimba kwakuda kuja. Zimene mukuonazo ndi oyilo wotuluka pa kapaipi kopumira injini, wosakanikirana ndi utsi ndi fumbi. Mu utsimo muli mtovu, chifukwa mafuta a ndege zoterezi, avgas 100LL wa buluu uja, akadali ndi mtovu umene unachotsedwa kalekale mu petulo wa magalimoto. Inu mudzakhala mutagona chagada, zonsezo zikudontha kumaso. Choncho pa mndandanda wanu lembani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo musagwire chakudya musanasambe m'manja. Sopo wa ndege yemwe uja, wosasungunula kwambiri malinga ndi malangizo a pa botolo, amachotsa zambiri. Pakani kachigawo kakang'ono, dikirani pang'ono, pukutani, tsukuluzani, sunthirani patsogolo. Asaumirepo. Pamene pakanika, buku la Cessna limatchula mankhwala osungunula mafuta otchedwa Stoddard solvent, ndipo injiniya amene amaona ndegeyo angakupatseni woyenera. Petulo musayerekeze, mu shedi kamoto kamodzi n'kokwanira. Pansipo pali tinyanga ta wailesi, musatikoke ndi nsanza. Ndipo mukaona kuti mimba yayamba kuda msanga kuposa kale, nenani. Wotsuka ndi amene amayamba kuona injini ikayamba kutaya oyilo.

Makina opopera mwamphamvu aja musabwereke. Amakankhira madzi m'mahinji a mapiko ndi a mchira, m'mabering'i a matayala, n'kutulutsa girisi yense. Amalowetsa madzi pa zivindikiro za matanki, zimene pa Cessna zili pamwamba pa mapiko, ndipo labala wake akakalamba madziwo amakathera mu mafuta. Paipi wamba yokhala ndi madzi oyenda mofatsa, ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsanza, ndi zokwanira. Tsukani m'mawa kapena pamthunzi. Ngati madzi anu ndi a pa mjigo, olawa mchere aja, pukutani asanaume okha chifukwa amasiya mawanga.

Pulopela ipukuteni ndi kansalu kamafuta pang'ono, sopo wa soda asaifike, ndipo musaizungulitse ndi dzanja ngakhale kiyi atachotsedwa, poti kawaya kamodzi kakaduka injini imatha kulira yokha. Matayala amangofuna sopo ndi madzi, zonyezimiritsa zija zisiyeni, zikagwera pa mabuleki ndi mlandu wina. Mkati, ngati ndegeyo ili ndi masikirini a Garmin, amoniya amasupula kagawo koletsa kunyezimira, ndiye gwiritsani ntchito kansalu koyera ndi mankhwala a magalasi a maso olembedwa kuti saononga kagawo koteroko. Za ACF-50 kapena CorrosionX, zopopera mkati mwa mapiko kuteteza dzimbiri, muzisiyire injiniya.

Chotsala ndi chimene chimandidetsa nkhawa kuposa sopo. Pansi pa phiko lakumanzere pali kapaipi koloza kutsogolo, pitot, ndipo chammbali mwa thupi pali kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano, static port. Timeneti ndi timene timauza woyendetsa liwiro lake ndi kutalika kwake kuchoka pansi. Madzi, sopo kapena polishi zisalowemo, ndiye potsuka anthu amatitseka. Pa 2 Okutobala 1996, ndege ya Aeroperú, Boeing 757, inanyamuka usiku ku Lima kupita ku Santiago. Amene ankaiyeretsa anamata tepi pa timabowo timeneti ndipo sinachotsedwe, oyendera ndege isananyamuke sanaionenso. Mawotchi oonetsa liwiro ndi kutalika anayamba kunama, oyendetsa osadziwa kuti ali pamwamba bwanji, mpaka ndege inagwera m'nyanja ya Pacific. Anthu onse 70 anafa.

Ndiye pa mndandanda wanu onjezerani chivindikiro chofiira cha pitot chokhala ndi kansalu kolendewera, ndi tepi ya mtundu wowala, osati yoonekera mkati kapena yofanana ndi penti. Mukamata, siyani mchira wautali ukulendewera. Werengani malo amene mwatseka, mulembe nambalayo pa pepala, pepalalo muliike pampando wa woyendetsa. Mukamaliza, zimene mwachotsa muziwerenge zili m'manja mwanu. Kenako auzeni abwana kuti ndege yatsukidwa lero, kuti asananyamuke ayang'ane timabowo tija ndi maso awo, akhetse mafuta pang'ono pansi pa matanki kuona ngati mulibe madzi, ayesenso mabuleki akamatuluka mu shedi.