Musamumange zingwe mlongo wanu

Achemwali ena andilembera pa imelo. Mlongo wawo akusuta chamba, kachasu amayamba kumwa m'mawa, wagulitsa kale chimanga cha m'nyumba, ndipo akubanja akufuna kumumanga n'kupita naye kwa mneneri. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa amalume anga. Anali telala wodziwika, makina awo a Singer ankalira tsiku lonse pakhonde la sitolo. Anayamba ndi masacheti aja otchipa, boma lisanawaletse, kenako kachasu. Nsalu za eni ake zinayamba kusowa. Agogo anati matelala anzawo awalodza, ndipo mbuzi zinathera kwa sing'anga. Mapeto ake abale anawatsekera m'chipinda kuti mowa uwachoke. Pofika tsiku lachitatu anali kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuona njoka pakhoma, mpaka anagwa ngati wakhunyu. Anthu ankaombera m'manja kuti ziwanda zikutuluka.

Sizinali ziwanda. Thupi likazolowera mowa wambiri tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi kumasokoneza ubongo, ndipo munthu akhoza kufa. Amalume anapulumuka chifukwa mnansi wina anaumirira kuti awatengere kuchipatala. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikamva kuti mnyamata wamangidwa pamtengo pakhomo pa mneneri, osadya, akuti akumupempherera. Pemphero sindikana, inenso ndimapemphera. Koma kumanga wodwala ndi nkhanza, ndipo amene amalandira ndalama pa zimenezi akudyera misozi ya amayi.

Za chambanso zimandikwiyitsa. Anyamata pa bawo amati boma linalola. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 ndi la chamba cholimidwa ndi chiphaso, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta kukadali mlandu. Chamba cha ku Nkhotakota chimene amachitamacho n'champhamvu, ndipo amene wayamba kusuta ali wamng'ono n'kumasuta kawirikawiri ali pachiopsezo chachikulu chodwala misala. Ife akuluakulu timangoti "wapenga ndi fodya wamkulu" n'kumuseka ana akamuponya miyala.

Nanga mutani?

Lankhulani naye m'mawa asanalawe, inuyo ndi munthu mmodzi amene amamulemekeza, osati bwalo la banja lonse. Ndalama musamupatse m'manja, mupatseni chakudya. Pitani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a m'maganizo; kukafunika amatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Akayambiranso atachira musadabwe, zimachitika kwa ambiri, mubwerere nayenso. Akayamba kunjenjemera kwambiri, kukomoka, kapena kunena zodzipha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.