Musamulande mwanayo buku la nthano

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kumuletsa mwana wanu kuwerenga nthano ndi ndakatulo kuti alimbikire masamu, poti masamu ndiwo amaphunzitsa kuganiza. Ine ndimaphunzitsa masamu konkuno ku Blantyre, koma ndikukupemphani kuti musatero.

Ndili mwana ku Ndirande, agogo aakazi ankatiponyera zilape tikatha kudya nsima yamadzulo. Tsiku lina anati, "Nyumba yopanda khomo." Ndinaganiza mpaka tulo kunditenga, osapeza. M'mawa ndikusukusula, yankho linangotulukira lokha: dzira. Nanga ankaganiza ndani usiku wonsewo ine ndili m'tulo? Funso limeneli silinandichokebe. Mpaka lero samu ikandikanika pa bolodi, njira yake imakandipeza ndili phee mu minibasi ya ku Limbe. Zolembalemba zimabwera pambuyo, kudzangotsimikiza zimene mtima waona kale. Kutsimikizako n'kofunika, chifukwa mtima umanamanso, koma sindiko kumayamba.

Akatswiri amati ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Kuwerenga anawerenga, koma kuti nyama yofewa imeneyi imabala bwanji chisoni, kapena chithunzi cha nkhope ya agogo amene anatisiya kalekale, nkhaniyo akulimbana nayobe.

Mukamadutsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels mudzaime pang'ono. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo mmishonale David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire za zomangamanga. Iye ndi amisiri akunokuno anayenera kuiona nyumbayo m'maganizo njerwa isanasanjidwe. Ganiziraninso za mlakatuli Jack Mapanje, amene anamutsekera kundende ya Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osamuzenga mlandu. Ndakatulo ankazipeka n'kumazisunga m'mutu, malo okhawo amene oyang'anira ndende sakanatha kusecha. Zimenezi zimandikhudza kwambiri.

Kuona chinthu chimene sichili pamaso n'kumene mwana amaphunzira akamva "padangotero" iye n'kuyankha "tili tonse". Ndipo n'komwenso ndimamufuna nako m'kalasi ndikalemba x pa bolodi n'kunena kuti tiyerekeze kuti ndi mtengo wa thumba la chimanga. Ana owerenga nkhani ndimawadziwa msanga: funso la mawu ambiri siliwaopsa.

Madzulo ano mumufunse kuti munthu wa m'bukulo achita chiyani patsamba lotsatira, ndipo chifukwa chiyani. Mumulole afotokoze mpaka amalize, kenako mutsegule tsambalo limodzi.