Chifukwa chake madzi amayera akadutsa m'dambo

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji madzi otsika m'minda ali psuu ndi matope n'kukatuluka kumunsi kwa dambo atayera. Nkhani yagona pa liwiro. Madzi othamanga amanyamula dothi, koma akalowa m'bango ndi m'udzu wothithikana amamwazikana n'kufooka. Mchenga umayamba kukhala pansi, dothi losalala pambuyo. Tungani madzi amatope m'botolo, muwasiye usiku wonse, m'mawa mudzaona zomwezo.

Za feteleza wokokoloka m'minda ndiye zili pawiri: nayitirojeni ndi fosifolasi, michere ya zomera yopezeka m'fetelezamo. Nayitirojeni wina amamwedwa ndi mizu, koma ntchito yaikulu amagwira ndi mabakiteriya a m'matope mosafika okosijeni. Iwowa amasandutsa nayitireti, yemwe ndi mtundu wa nayitirojeni wosungunuka m'madzi, kukhala mpweya wopita m'mlengalenga, basi wachoka m'madzimo.

Fosifolasi sachoka choncho ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Iye amakanirira ku dothi, dothilo likakhazikika iyenso watsala pomwepo, n'kumangounjikana chaka ndi chaka. Dambo likakhuta, kapena zomera zikafa n'kuwola, wina amabwereranso m'madzi. Ndipo mukakumba ngalande yowongoka pakati pa dambo, madzi amangodutsa chothamanga ndi matope ake omwe.