Ine za nyenyezizi zinandigwetsa chagada pa viva

Achemwali, nditangowerenga zoti mukufuna kuika Babulo, Girisi, India, Aluya ndi China mu thesis imodzi ya mbiri ya kuwombeza ndi nyenyezi, mtima wanga wangoti myuu. Ine ndinachita zomwezo. Zikhalidwe zisanu, machaputala asanu, ndili kudzimva kuti ndine katakwe. Ichi chakoma ichi chakoma, mukudziwa mmene pusi uja anathera.

Zaka ziwiri ndinkagonera mabuku amenewa. Za ku Babulo ndinkachita kuziloweza: mapale adongo olembedwapo pafupifupi 70 otchedwa Enuma Anu Enlil, odzaza ndi malodza a mwezi, dzuwa, nyengo ndi mapulaneti, onse onena za mfumu ndi dziko, osati za munthu wamba. Zoti mwana wakuti wabadwa tsiku lakuti, mapulaneti anali apa ndi apa, zinabwera mochedwa, cha m'ma 410 BC. Kuchoka apo ndinalondola zodiac, njira ya dzuwa kuthambo yogawidwa m'magawo 12, mpaka ku Alexandria kwa Ptolemy ndi buku lake lowombeza ndi nyenyezi la Tetrabiblos. Mpaka pamenepo zonse zinali bwinobwino. Chinandipha ndi India.

Msana wa thesis yanga yonse unali buku la Chisanskrit lotchedwa Yavanajataka. David Pingree, yemwe analisindikiza mu 1978, ananena kuti linachokera ku buku la Chigiriki lomasuliridwa cha mu 150 AD, kenako Sphujidhvaja n'kuliika mu ndakatulo cha mu 270 AD. Ine zaka ziwirizo ndinazimeza osatafuna. Munthu ngati Pingree ungamukayikire bwanji? Ndinajambula mapu okongola, muvi wofiira kuchoka ku Alexandria kupita ku India, 150 ndi 270 zili pamwamba pake ndi zilembo zikuluzikulu.

Tsiku la viva, mayeso apakamwa oteteza thesis aja, mapuwo ali pakhoma, ine ndikufotokoza mwamphamvu, mayi wina amene anabwera kudzayesa kuchokera ku yunivesite ina anangokweza cholembera. Modekha kwambiri, ngati akufunsa nthawi. Akuti kodi zimene Bill Mak analemba za Yavanajataka mu 2013 munaziona? Ine dzina limenelo kulimva koyamba. Akuti Mak anabwerera ku zolemba pamanja za bukulo za ku Nepal n'kusonyeza kuti zaka ziwirizo sizinalembedwemo, zinatuluka m'mene Pingree anakonzera mawu amene ankaona ngati ndi olakwika. Kenako anafunsa kuti, inuyo Chisanskrit mumawerenga? Ayi. Chigiriki? Ayi. Chiarabu? Pamenepo n'kuti pakamwa pauma gwa, botolo la madzi lili patebulo koma dzanja likunjenjemera moti sindikanatha kulitsegula. Muvi wofiira uja uli pakhoma pomwepo, wina aliyense akuuyang'ana.

Ndiye bambo wina wa m'dipatimenti mwathu momwemo, amene kuyambira tsiku loyamba ankati ndikuphunzira zaufiti, anatsamira pampando n'kunena kuti, "Kodi nyenyezi zanuzo sizinakuuzeni kuti lero kuli zotere?" Chipinda chonse kuseka. Supavaiza wanga naye kuseka, maso ali pa foni.

Mayi aja ndilibe nawo mlandu, ankagwira ntchito yawo. Amene mpaka lero ndikamuganiza ndimapsa mtima ndi supavaizayo. Chaputala cha India chinakhala kwa iye miyezi isanu. Chinabwerako ndi mawu awiri okha pamwamba, akuti zili bwino pitirizani, ndi malo atatu pamene anakonza makoma, tizizindikiro topumira m'chiganizo tija. Makoma! Munthu sanawerenge. Pambuyo pa viva anandipeza panja n'kundiuza kuti iye anandichenjeza kalekale kuti mutuwu ndi waukulu. Liti? Kuti? Maimelo onse ndili nawo, mulibemo zimenezo. Anandipatsa miyezi 7 yokonza, anzanga anavala magauni ine ndikuonera pa zithunzi.

Ndipo pokonzapo ndi pamene ndinaona kuti chaputala cha China nachonso chinali chowola. Ndinalemba ngati kuti zonse ndi nthambi za mtengo umodzi wa ku Babulo. Bodza. Achitchaina anali ndi dongosolo lawolawo, thambo logawidwa m'zigawo 28, akatswiri a kunyumba ya mfumu akuyang'ana kumwamba kuti adziwe za ufumu. Za ku India zinalowako pambuyo pake kudzera mwa amonke a Chibuda, monga Amoghavajra ndi buku lake la mu 759. Mwayi wake palibe anandifunsa zimenezo tsiku lija, bwenzi nditakomoka.

Za anthu oseka aja musade nazo nkhawa kwambiri, ndi matenda akale. Mu 1951 Otto Neugebauer, katswiri wa mbiri ya sayansi, anachita kulemba nkhani yaifupi m'magazini ya mbiri ya sayansi ya Isis kuyankha katswiri mnzake George Sarton, yemwe ananyoza buku lina la malodza a nyenyezi kuti ndi zachabechabe. Mfundo yake inali yakuti m'mabuku onyozekawo ndi mmene timaoneramo njira imene masamu a zakuthambo anayendera kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Kufufuza chinthu si kuchikhulupirira. Ine ndinaziika zimenezi pa tsamba loyamba la thesis yokonzedwayo, dala, kuti bambo aja aziwerenge. Ndikukayika ngati anatsegula.

Ndiye inu sankhani mlatho umodzi basi pakati pa zikhalidwezi. Mwachitsanzo Baghdad, mzinda umene tsiku louyamba mu 762 linasankhidwa ndi owombeza nyenyezi a khalifa al-Mansur, Nawbakht ndi Masha'allah. Kapena Abu Ma'shar yekha, wowombeza nyenyezi wa ku Baghdad komweko, mmene buku lake la Chiarabu linalowera m'Chilatini kawiri, mu 1133 ndi John of Seville, mu 1140 ndi Hermann of Carinthia. Pamenepo pokha pali digiri yathunthu. Ndipo phunzirani chilankhulo chimodzi, ngakhale pang'ono, kuti muzitha kusuzumira nokha pamene womasulira waika zakezake. Chaka chilichonse chimene mwatenga m'buku la zaka 40 zapitazo, fufuzani ngati wina sanachigwetse kale.

Komabe, kunena zoona, musalole kuti akudulireni mutuwo mpaka utsale fupa. Kukoma kwa nkhaniyi kuli pa kuwoloka malire komweko, ndipo ine nditati ndiyambirenso mwina ndikhoza kutenganso zisanu zomwezo. Chisanskrit mpaka pano sindinaphunzire, ndinagula buku la galamala, lili pa shelefu ndi pulasitiki yake. Supavaiza musamudalire ngakhale pang'ono, koma musatumize chaputala chilichonse kwa oyesa asanalembe yekha pa imelo kuti wachiwerenga, ndipo imeloyo muisunge malo awiri.