Mwana wa zaka zisanu: ku escolinha kapena pakhomo?

Mayi wina wa ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wangokwanitsa zaka zisanu, bambo ake amagwira ntchito ku Moatize ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Escolinha (sukulu ya mkaka) yomwe ili pafupi imafuna ndalama zomwe pakhomopo zikuvuta kupezeka, choncho akuganiza zomuphunzitsa okha kunyumba chaka chino. Koma apongozi awo akuti mwana akakalowa primeira classe (kalasi yoyamba ya pulayimale) asakudziwa Chipwitikizi adzakhala wotsalira mpaka kalekale. Kumapeto kwa imeloyo afunsa kuti: "Kodi ndikumulakwira mwana wanga?"

Mayi, simukumulakwira. Ndayamba ndi yankho chifukwa funso lanuli landikhudza kwambiri, ndipo zambiri zomwe ndilembe pansipa ndi zomwe zinandichitikira ine.

Ine ndinabadwira kufupi ndi phiri la Domue. Nkhondo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, tinathawira mbali ya Dedza monga anachitira anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano. Pa nthawi imeneyo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Sukulu ya mkaka kunalibe, ngakhale kuiganizira. Chomwe chinalipo ndi amayi anga ndi agogo. Amayi anali ataphunzirako kuwerenga Chinyanja ku kalasi ya tchalitchi, ndipo madzulo akamaliza kusinja ankasesa kamalo pabwalo, n'kutenga kamtengo n'kulemba padothi: a, e, i, o, u. Kenako ankagwira chala changa n'kumachiyendetsa m'mizere yomwe alembayo. Ndimakumbukirabe mmene dothi la mu Juni linkazizirira ku chala. Mawa lake ankaika m kutsogolo, ma me mi mo mu. Tsiku lomwe analemba "amama" ine n'kuwerenga ndekha, anaitana agogo kuti adzaone. Agogo sankadziwa chilembo ngakhale chimodzi, koma analuluta.

Agogowo ndi omwe anandiphunzitsa zambiri kuposa aliyense, ngakhale iwo akanamva mawu amenewa akanakana. Usiku ankati "Padangotero", ife n'kuyankha "Tili tonse", ndipo nthano ikatha ankafunsa kuti kodi Kalulu anayamba n'kupita kwa ndani, nanga Fisi analakwitsa pati. Ukasokoneza ankakuuza kuti uyambirenso. Lero nditaphunzitsa ana a primeira ndi segunda classe kwa zaka zambiri, ndimaona kuti chimene agogo ankachita ndi chomwe chimasowa mwa ana ambiri: kumvetsera nkhani mpaka kumapeto, kuisunga m'mutu, n'kuifotokozanso mwadongosolo. Mwana wotha zimenezi savutika kuphunzira kuwerenga. Kuwerengera manambala ndinakuphunzirira pa phada ndi posankha nyemba m'lichero, zofiira uku, zamawangamawanga uko, agogo n'kufunsa kuti zambiri ndi ziti.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera kwathu. Ndinali nditaphunzira kale makalasi angapo m'Chichewa ku Malawi, ndipo kuno ndinakapeza sukulu ya Chipwitikizi chokhachokha. Mphunzitsi wathu, yemwe sindimutchula, ankalanga mwana aliyense womveka akulankhula chilankhulo cha kwawo pabwalo la sukulu. Kalasi yonse inkangoti zii. Ana ankabwereza mawu mofuula, osadziwa chomwe akunena, ndipo anzanga ena anasiya sukulu akukhulupirira kuti ndi mbuli. Sanali mbuli ayi. Mmodzi wa iwo lero amagulitsa mbatatesi matumba ochuluka ku Tete, masamu onse amachitira pamtima. Koma ife amene tinkadziwa kale kuwerenga m'Chichewa tinatola Chipwitikizi msanga, chifukwa chinsinsi cha kuwerenga tinali nacho kale: tinkadziwa kuti chilembo chimaimira liwu, ndipo maliwu akalumikizana amapanga mawu. Chomwe chinatsala ndi kuphunzira mawu atsopano basi. Munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo amaphunzira bwino m'chilankhulo chomwe amamva.

Izi si maganizo anga ndekha. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zigawo zomwe zinasankhidwa zinali ziwiri: Gaza ndi Chichangana, komanso Tete wathu yemweyu ndi Chinyanja. Kuchokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kufalikira m'dziko muno, ndipo Chinyanja chili m'gulu la zilankhulo zophunzitsira. Tsono ngati boma lenilenilo linavomereza kuti mwana ayambire pa chilankhulo cha amayi ake, bwanji ife makolo tikuchichitira manyazi pakhomo pathu?

Pamenepa ndiye pamandipweteka. Ndaona makolo ku Tete ndi ku Moatize, onse awiri Achewa kapena Angoni a kwathu konkuno, akuletsa mwana kulankhula Chichewa m'nyumba. Iwo eniwo Chipwitikizi chawo n'cha kumsika ndi kuntchito, chosakwana kufotokozera nthano, kutonthoza mwana akalira, kapena kuyankha mafunso ake ambirimbiri aja. Mapeto ake mwana amangomva malamulo: bwera kuno, khala pansi, idya, gona. Amakula ndi mawu ochepa m'zilankhulo zonse ziwiri. Akabwera kumudzi pa tchuthi, agogo ake amamupatsa moni iye n'kungowayang'ana. Ine ndimati kumeneko ndiye kumulakwira mwana, osati zomwe mukufuna kuchita inuzi.

Ndinenenso za ma escolinha ena, pakuti ndawaona. Kachipinda kamodzi, ana odzaza, mlezi mmodzi wotopa yemwe sanaphunzitsidwe ntchitoyo ndipo malipiro ake amachedwa. Tsiku lonse ana akuimba masiku a sabata ndi miyezi ya chaka m'Chipwitikizi. Kumapeto kwa chaka makolo amauzidwa kuti asonkhe ndalama za mkanjo, kachipewa, keke ndi wojambula zithunzi. Mwana wovala mkanjoyo akafika m'kalasi mwanga amatha kutchula manambala mpaka 20, koma ndikamuikira zitsekerero za mabotolo zisanu ndi ziwiri kuti aziwerenge, chala chimathamanga kwina, pakamwa kwina. Ndalama ya mkanjo ikanagula mazira ndi nsinjiro za m'phala, mwanayo akanapindula kwambiri. Mwana wanjala kapena wosowa magazi samva ngakhale mphunzitsi akhale waluso chotani.

Sindikunena kuti onse ndi otero. Alipo ma escolinha abwino, ena a m'mudzi, ena a pa tchalitchi, momwe ana amasewera, kuimba, kujambula, kusamba m'manja ndi kudya phala limodzi. Mukapeza wotero ndipo ndalama zikulola, mutumizeni mwana ndi mtima umodzi. Komanso ngati mayi amachoka m'bandakucha kupita ku dimba kapena kumsika n'kubwera dzuwa litapendeka, mwana n'kumasiyidwa ndi mnzake wa zaka zisanu ndi zitatu, pamenepo ngakhale escolinha wamba aposa pakhomo. Kunena kuti mwana akuphunzira kunyumba kumafuna kuti kunyumbako kukhale munthu wamkulu amene ali ndi mpata womuyang'ana m'maso.

Ndipo poti wanuyo ndi mtsikana, pali msampha umodzi womwe ndikuchenjezeni mosabisa. Mtsikana akakhala pakhomo, posakhalitsa amasanduka mlezi. Amaberekedwa khanda kumsana, amatumidwa kumjigo, amatsuka mbale, ndipo aliyense amati akuthandiza. Kuthandiza n'kwabwino, ife tonse tinakula choncho. Koma ndalandirapo atsikana a zaka zisanu ndi zinayi m'primeira classe, aatali kuposa anzawo onse, amanyazi, ochedwa chifukwa kunyumba kunali mwana wofunika kulera. Ambiri a iwo samaliza. Ngati mwasankha kukhala naye chaka chino, chikhale chaka chimodzi chokhachi, ndipo aliyense pakhomopo adziwe zimenezo.

Zomwe lamulo likunena

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 silikakamiza mwana kupita ku escolinha, ndipo palibe sukulu ya boma yoyenera kumukana chifukwa sanapiteko. Chomwe chili chokakamiza ndi kuyambira primeira classe mpaka kalasi ya 9, ndipo mwana amayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pali tsiku la 30 Juni lomwe amayang'ana powerengera zaka za mwana, choncho pitani ku sukulu yomwe mukufuna mukafunse ndi tsiku lake lobadwa m'manja, kuti mudziwe chaka chenicheni chomwe akuyenera kulowa. Mukafunsenso ngati sukuluyo ili ndi kalasi ya zilankhulo ziwiri, pakuti si zonse zili nayo.

Za Chipwitikizi, apongozi anu ali ndi mfundo ndipo musawanyoze. Mwana amene sanamvepo chilankhulocho amachita mantha masabata oyamba. Koma chomwe akufunika pa msinkhu uwu ndi khutu, osati galamala. Moni, kuthokoza, kupempha madzi, kupempha kupita kuchimbudzi, mayina a ziwalo za thupi, nyimbo ziwiri zitatu, kudziwa kutchula dzina lake lonse ndi la bambo ake. Bambo akewo akamaimba foni kuchokera ku Moatize, azicheza naye pang'ono m'Chipwitikizi, zotsalazo m'Chichewa. Ana a oyandikana nawo amene ali kale pasukulu adzamuphunzitsa zambiri pa masanje kuposa zomwe inu mungamuphunzitse pa mpando. Musamutsekere m'mpanda. Kudikira nthawi yake, kugawana chidole, kukangana n'kugwirizananso, zimenezi mayi sangaphunzitse yekha, zimafuna ana ena. Foni yokha musamusiyire kuti izimulera. Makatuni amalankhula koma samuyankha, ndipo mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa.

Zilembo yambirani m'Chichewa. Chilankhulo chathu n'chokoma poyambira kuwerenga chifukwa a, e, i, o, u amamveka chimodzimodzi paliponse pomwe ali, ndipo mawu amagawika bwino: ma-dzi, mu-tu, ga-lu. M'Chipwitikizi muli maliwu a m'mphuno ndi zilembo zosintha kamvekedwe, zomwe adzazipeza kusukulu ali kale ndi poyambira.

Tsono pa tsiku musapitirire theka la ola lokhala pansi, ndipo likhale m'mawa atadya. Dzina lake alembe padothi kapena ndi khala pa katoni, kenako pensulo ndi kope limodzi. Aumbe ng'ombe zadothi, atonole chimanga, amange mabatani a malaya ake, zonsezi zimalimbitsa zala zogwirira pensulo. Awerenge zinthu zogwirika, zitsononkho kapena mbatatesi, mpaka khumi, akukhudza chimodzichimodzi. Akatopa musiyeni, ndipo musamumenye chifukwa cha chilembo. Madzulo nthano, ndipo ntchito imeneyo apatseni apongozi anu, muwapemphe mwaulemu kuti akamaliza azimufunsa mdzukulu wawo kuti abwereze. Akaona kuti nawonso ali ndi gawo, nkhani ya kutsalira ija idzachepa.

Kalembera wa primeira classe amayamba chakumapeto kwa chaka, cha m'ma Okutobala, ndipo sukulu imatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Ngati mwana alibe cédula (chikalata cha kubadwa), pitani ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsako ana obadwa, panopa, musadikire mzere wa mu Disembala mvula itayamba ndi ntchito ya kumunda itachuluka. Khadi lake la kusikelo lisungeni pabwino, ndipo mukapita kuchipatala muwapemphe amuone maso ndi makutu. Mundilemberenso akayamba kuwerenga, ndikufuna ndidzamve kuti mawu ake oyamba anali ati.